Kukonza Mlozera wa Zikalata Zojambulidwa ndi Sikana Kuti Zizipezeka Msanga

Maofesi ambiri a mu Lusaka, kaya ndi a maloya ku Rhodes Park, a ogulitsa katundu ku Kamwala kapena a sukulu ku Chilenje, ali ndi kachipinda kamene aliyense amaopa kulowamo, momwe mafayilo a zaka zambiri aunjikidwa m'makatoni mpaka kudenga. Tsiku lina bwana amatopa nako, amagula sikana, n'kuuza mnyamata mmodzi kuti ajambule zonse ndi kuzilowetsa mu kompyuta. Pakapita miyezi itatu, kompyuta ija imakhala itadzaza ndi mafayilo otchedwa scan0001, scan0002 mpaka kutali, koma mayi amene wabwera kudzafuna kope la kalata yake ya 2016 amakhalabe pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, chifukwa mulu umene unali m'katoni wangosamukira mu kompyuta uli mulu womwewo. Ndinaziona zimenezi pa kampani ina imene ndinagwirako ntchito ya ukalaliki, ndipo kumeneko ndi kumene ndinaphunzira kuti kujambula pepala ndi kachigawo kochepa ka ntchitoyi, pamene chigawo chachikulu ndi kulipatsa pepalalo zizindikiro zoti lidzapezeke nazo.

Pulogalamu yosungira zikalata zojambulidwa imasunga zinthu zitatu pa chikalata chilichonse, ndipo amene sanasiyanitse zinthu zitatuzi amasokonezeka pa zonse zotsatira. Pali chithunzi cha pepalalo, chimene kwa kompyuta ndi timadontho chabe takuda ndi toyera, topanda liwu lililonse loti n'kulifufuza. Pali mzere wa mu database, nkhokwe ya mu kompyuta yosunga zinthu m'mizere, wokhala ndi madanga amene kalaliki amalembamo dzina la mwini chikalata, tsiku, mtundu wa chikalata ndi nambala ya fayilo, ndipo mzere umenewu ndiwo mlozera weniweni. Ndiye pali mawu amene OCR, pulogalamu yozindikira zilembo, yayesa kuwerenga pa chithunzicho n'kuwasunga mobisika kuseri kwake. Mukalemba liwu pa malo ofufuzira, kompyuta siyang'ana chithunzi ayi. Imayang'ana madanga aja ndi mawu a OCR, kenako n'kukutsegulirani chithunzi chimene chalumikizidwa nawo.

Mapulogalamu ochita zimenezi alipo ambiri. Ena ndi ogula, monga Laserfiche, DocuWare ndi M-Files, pamene ena ndi aulere ndipo munthu angathe kuwaika pa seva, kompyuta yosungira mafayilo a onse, ya mu ofesi yake, monga paperless-ngx ndi Mayan EDMS. Sinditaya nthawi kuwayerekezera, koma musanasankhe fufuzani ngati pulogalamuyo imakulolani kudzipangira madanga anuanu, ngati imalemba amene watsegula kapena kusintha chikalata, komanso ngati tsiku limene mudzafune kuisiya mudzatha kutulutsa zithunzi zanu zonse pamodzi ndi mlozera wake mu mafayilo wamba monga PDF, ya zithunzizo, ndi CSV, ya mizere ya mlozerawo. Funso lomalizali ogulitsa sakonda kulimva, ndipo n'chifukwa chake muyenera kulifunsa musanalipire.

Yambani ndi mafunso a pa kauntala

Sikana ikhale kaye m'bokosi lake. Ntchito yoyamba ndi kukhala sabata imodzi pafupi ndi anthu amene amalandira alendo kapena kuyankha mafoni, n'kumalemba m'kope zimene munthu amanena akabwera kudzafuna chikalata. Wina amatchula dzina lake ndi nambala ya NRC, chitupa cha unzika, wina amatchula nambala ya puloti, wina amangokumbukira kuti analipira mwezi wa Epulo chaka chatha. Zimene anthu amabwera nazo pakamwa ndizo ziyenera kukhala madanga a mlozera wanu, osati zimene wokonza pulogalamu anaganiza ali kudziko lina. Akatswiri osunga mabuku ali ndi ndondomeko yotchedwa Dublin Core, imene inayambira pa msonkhano wa mu 1995 mu mzinda wa Dublin ku Ohio ndipo ili ndi madanga 15, koma ofesi wamba siyenera kutenga onsewo. Madanga asanu kapena asanu ndi awiri amakwanira, pakuti danga lililonse limene mwawonjezera lidzalembedwa pa chikalata chilichonse. Ngati danga limodzi limatenga masekondi 10 kulemba ndipo muli ndi zikalata 20,000, ndiye kuti danga limenelo lokha lidzadya maola oposa 55, omwe ndi oposa sabata yathunthu ya ntchito ya munthu mmodzi.

Danga la dzina ndilo limanyenga kwambiri kuno kwathu. Mukafufuza Phiri, Banda, Tembo, Mwale kapena Zulu mu ofesi iliyonse ya mu Lusaka, kompyuta idzakupatsani anthu odzaza minibasi zingapo, ndipo ambiri a iwo amafanananso maina oyamba. Choncho dzina lisayende lokha, koma likhale ndi nambala imene munthu sagawana ndi wina aliyense. Kwa munthu, nambala ya NRC ndiyo yodalirika, ndipo kalembedwe kake ndi kodziwika: manambala 6, kamzere kopendeka, manambala 2, kamzere kenanso, ndi nambala imodzi yomaliza. Ikani lamulo mu pulogalamu kuti danga limeneli likane chilichonse chimene sichikutsata kalembedwe kameneka, kuti kalaliki akadumpha nambala imodzi aziuzidwa pomwepo. Kwa kampani, gwiritsani ntchito TPIN, nambala ya wokhoma msonkho ya ku bungwe la misonkho la ZRA, imene ili ndi manambala 10, kapena nambala imene kampaniyo inalembetsera ku PACRA, bungwe lolembetsa makampani. Madanga onse a manambala oterewa muwauze kuti ndi a mawu, osati a masamu, chifukwa database ikawatenga ngati masamu imachotsa ziro wa kumayambiriro ndipo kamzere kopendeka ingathe kukakana kapena kukawerenga molakwa. Dzina la bambo likhale m'danga lake ndipo dzina loyamba m'danga lina, ndipo ngati mumasunga mafayilo a antchito kapena a odwala onjezerani danga la dzina lakale, poti mayi amene analembetsa ali mtsikana angabwere patapita zaka ali ndi dzina la kubanja.

Za masiku, sankhani kalembedwe kamodzi ndipo musakasinthe. Kuno timayamba ndi tsiku, kenako mwezi, koma mapulogalamu ambiri opangidwa ku America amayamba ndi mwezi, motero 03/04/2019 ingathe kukhala 3 Epulo kwa inu koma 4 Malichi kwa kompyuta, ndipo palibe chimene chidzakuchenjezeni. Kalembedwe ka ISO 8601, koyamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku, monga 2019-04-03, kamathetsa mkanganowu ndipo kamachititsa kuti zikalata zizindandalikika zokha m'dongosolo la nthawi. Gwirizananinso kuti tsiku limene mukulemba ndi liti, chifukwa kalata imodzi imakhala ndi masiku atatu: limene inalembedwa, limene lili pa chidindo cholandirira, ndi limene inajambulidwa. Lomalizali pulogalamu imalemba yokha ndipo silithandiza wofufuza aliyense. Ine ndimakonda tsiku limene kalata inalembedwa, chifukwa ndi limene mwini wake amakumbukira.

Mtundu wa chikalata usalembedwe ndi dzanja la kalaliki aliyense monga wafunira. Mmodzi akalemba lisiti, wina receipt, wina rcpt, mwapanga mitundu itatu ya chinthu chimodzi, ndipo wofufuza adzapeza gawo limodzi la zitatu n'kuganiza kuti wapeza zonse. Pangani ndandanda yaifupi yosankhapo, ndipo munthu mmodzi yekha akhale ndi chilolezo chowonjezerapo mtundu watsopano.

Amene mukusunga mainvoisi ndi malisiti akale muli ndi msampha wina umene ndi wa dziko lathu lokha. Pa 1 Januwale 2013 Bank of Zambia inachotsa maziro atatu pa kwacha, motero K1,000 yakale inasanduka K1 yatsopano, ndipo chizindikiro cha ndalamayi pakati pa mabanki chinasintha kuchoka pa ZMK kukhala ZMW. Lisiti ya 2011 yolembedwa K2,500,000 ndi ya K2,500 ya masiku ano, ndipo ngati danga la ndalama likusakaniza ziwirizi, kufufuza malipiro opitirira mlingo wina kudzakubweretserani mapepala akale okhaokha. Lembani ndalama monga momwe ilili pa pepala, koma onjezerani danga losonyeza ngati ndi ZMK kapena ZMW. Danga lomaliza, limene ambiri amaiwala, ndi nambala ya katoni ndi shelefu pamene pepala lenileni lakaikidwa.

Mapepala ndi sikana

Kukonza mapepala kumatenga nthawi yaitali kuposa kuwajambula, ndipo palibe njira yachidule. Chotsani mapini onse ndi mawaya a sitepula, makamaka amene achita dzimbiri m'nyengo za mvula zapitazi, wongolani makona opindika, ndipo mapepala opyapyala a kaboni kapena ong'ambika muwaike pambali kuti akajambulidwe pagalasi, limodzi limodzi, osati kudzera pa kamwa yokoka mapepala. Malisiti a pepala loterera la makina a m'sitolo muyambe nawo, chifukwa zilembo zake zimazimirira zokha ndi kutentha, ndipo kutentha kwa Okutobala m'kachipinda kofoleredwa ndi malata kumawasiya oyera. Pakati pa chikalata chimodzi ndi chinzake ikani pepala lolekanitsa, lokhala ndi barcode kapena mizere yotchedwa Patch T, imene mapulogalamu ambiri amaizindikira n'kudziwa kuti chikalata chatha ndipo china chayamba. Popanda pepala limeneli mudzapeza mgwirizano wa munthu mmodzi utamatirira kumbuyo kwa kalata ya munthu wina, ndipo mlozera sudzautchula n'komwe. Werengani masamba musanawaike mu sikana ndipo muyerekeze ndi chiwerengero chimene makina akuonetsa, popeza mapepala awiri amatha kukokedwa pamodzi. Fumbi la Ogasiti ndi Seputembala likakhala pagalasi limasiya mzere wakuda wotsika tsamba lonse pa zithunzi mazanamazana, choncho pukutani galasi ndi timawilo tokoka mapepala m'mawa uliwonse.

Jambulani pa 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse. Mukatsika pamenepo OCR imayamba kulephera zilembo zazing'ono, ndipo mukakwera kwambiri fayilo imangonenepa popanda phindu looneka pa kalata wamba. Tsamba la A4 pa 300 dpi limakhala ndi timadontho 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali, ndipo likajambulidwa ndi mitundu yonse osapanikizidwa limafika pafupifupi 26 MB, pamene tsamba lomwelo la zilembo zotayipa, likajambulidwa lakuda ndi loyera n'kupanikizidwa ndi njira ya CCITT Group 4, kawirikawiri silifika 100 KB. Kusiyana kumeneku kumakopa anthu kuti ajambule zonse zakuda ndi zoyera, koma njira imeneyi imapha chidindo chofiirira, siginecha ya bolopeni yotuwa ndi zolemba za pensulo m'mphepete, zimene nthawi zina ndizo umboni wonse. Mapepala okhala ndi zoterezi ajambulidwe ndi mitundu kapena motuwa. Posunga, sankhani PDF/A, mtundu wa PDF umene unakhazikitsidwa mu 2005 pansi pa ISO 19005 kuti fayilo izidzatseguka chimodzimodzi ngakhale patapita zaka zambiri.

Zimene OCR imatha ndi zimene siitha

Mapulogalamu aulere ambiri amawerenga zilembo pogwiritsa ntchito Tesseract, imene inayambira ku kampani ya Hewlett-Packard m'zaka za m'ma 1980, n'kuperekedwa kwaulere mu 2005, ndipo kenako Google inathandiza kuipititsa patsogolo. Pa tsamba losindikizidwa bwino imawerenga mochititsa chidwi. Komabe tiyeni tichite masamu pang'ono. Tiyerekeze kuti ikulondola zilembo 99 pa 100 zilizonse, zomwe zingaoneke ngati zabwino zedi. Pa tsamba la zilembo 2,000 ndiye kuti yalakwitsa 20, ndipo pa manambala a NRC, amene ali ndi manambala 9, pafupifupi imodzi mwa 12 idzakhala ndi cholakwa. Munthu wowerenga kalata saona vuto chilembo chimodzi chikalakwika, koma kufufuza nambala kumafuna kuti zonse zifanane, ndipo nambala yolakwika pamodzi ndi nambala ya munthu wina kapena ya munthu amene kulibe. Zolakwa zake n'zodziwika: ziro imasanduka chilembo O, nambala 1 imasinthana ndi l kapena I, 5 imakhala S, 8 imakhala B, ndipo m amatha kugawika kukhala r ndi n, motero Kamwala amasungidwa ngati Karnwala ndipo Mwale ngati Mwa1e. Zolemba pamanja, zimene ndizo zadzaza mafomu athu ambiri, Tesseract sinapangidwire zimenezo. N'chifukwa chake ndimaumirira kuti dzina, nambala ndi tsiku zilembedwe ndi munthu amene akuyang'ana chithunzi, ndipo OCR ikhale ukonde wachiwiri wogwira zimene madanga sanatchule, monga dzina la mboni kapena la msewu limene lili mkati mwa kalata.

Uzani pulogalamu chinenero cha zikalata zanu, chifukwa imadalira mawu amene ikuwadziwa posankha pakati pa zilembo zokayikitsa. Pa zinenero zimene Tesseract imabwera nazo pali Chingerezi ndi Chiswahili, koma Chinyanja palibe. Zikalata za boma ndi za malonda zambiri kuno ndi za Chingerezi ndipo sizivuta, koma mabuku a mipingo, makalata a mafumu a ku Chipata ndi Katete, kapena maminiti a magulu a amayi amene atayipidwa m'Chinyanja, yesani kuwawerengetsa ndi Chingerezi komanso ndi gawo lotchedwa Latin, limene linaphunzitsidwa zilembo za zinenero zambiri, kenako muyerekeze masamba khumi kuti muone njira imene yalakwitsa pang'ono.

Kufufuza

Kufufuza kwabwino kumayambira pa madanga ndipo kumapita ku mawu a OCR pokhapokha madanga akalephera. Ngati muli ndi nambala ya NRC, ilembeni m'danga lake basi. Ngati muli ndi dzina lokha, liphatikizeni ndi mtundu wa chikalata ndi zaka zimene mukuganizira, mwachitsanzo Tembo, mgwirizano wa lendi, kuyambira 2017 mpaka 2019, ndipo ndandanda ya mazana imatsika kufika pa zochepa zoti n'kuziona ndi maso. Pofufuza mkati mwa mawu, mapulogalamu ambiri amamva AND, OR ndi NOT olembedwa m'zilembo zazikulu: AND amafuna kuti mawu onse awiri apezeke, OR amalola lililonse, ndipo NOT amachotsa zimene simukufuna. Mawu oikidwa pakati pa zizindikiro zogwira mawu amafufuzidwa motsatana monga mwawalembera. Kanyenyezi koikidwa kumapeto kwa liwu kamaimira zilembo zilizonse zotsatira, ndipo pa mapulogalamu omangidwa pa Apache Lucene, monga Solr ndi Elasticsearch, kachizindikiro ka ~ ndi nambala 1 kumapeto kwa liwu kamalola kusiyana kwa chilembo chimodzi, motero Mwale~1 idzagwiranso Mwa1e uja. Musapitirire pa 1 pa maina aafupi, chifukwa ngakhale pa 1 Banda amabwera kale pamodzi ndi Bande, Bonda, Manda ndi Panda, ndipo pa 2 amayamba kubweranso ndi Chanda ndi Kunda.

Pano ndi pamene chinenero chathu chimasiyana ndi zimene opanga mapulogalamu anali nazo m'maganizo, ndipo ndikhalapo pang'ono chifukwa mabuku a malangizo sanena zimenezi. Makina ofufuzira ali ndi njira yodula mawu kuti liwu limodzi ligwire abale ake onse, koma njirayi inakonzedwera zinenero zimene mawu ake amasintha kumapeto. Athu amasintha kumayambiriro. Munda amakhala minda, chikalata chimakhala zikalata, mudzi umakhala midzi, ndipo tsinde la -lipira limapezeka mu ndinalipira, analipira, adzalipira, sanalipire ndi olipira. Kanyenyezi ka kumapeto sikathandiza pamenepa, ndipo ka kumayambiriro mapulogalamu ena amakakana pamene ena amachedwa nako kwambiri, chifukwa mlozera wa mawu unandandalikidwa motsata zilembo zoyamba, monga buku lotanthauzira mawu. Njira yapafupi ndi kulemba nokha mitundu yonse ndi OR, monga munda OR minda OR kumunda OR m'munda. Njira yokhalitsa ndi kupempha amene amasamalira database yanu kuti akonze mlozera wa timagulu ta zilembo zitatuzitatu, umene database ya PostgreSQL imaupereka kudzera mu gawo lake lotchedwa pg_trgm ndipo ya SQLite ili nawonso mu gawo lotchedwa FTS5. Ndi mlozera umenewu, kulemba lipir kokha kumagwira liwu lililonse limene lili ndi zilembo zimenezi pakati, posatengera chimene chili kutsogolo kwake.

Kalembedwe nakonso kali pawiri. Masukulu a ku Zambia amaphunzitsa kulemba c pamene ku Malawi amalemba ch, motero cakudya ndi chakudya, cikalata ndi chikalata, Cinyanja ndi Chinyanja ndi mawu omwewo kwa ife koma kwa kompyuta ndi alendo. Chilembo ŵ chimapezeka m'mabuku ena pamene ena amangolemba w, ndipo OCR imachiwerenga mosiyanasiyana. Pemphani kuti pulogalamu izichotsa tizizindikiro ta pamwamba pa zilembo posunga ndi pofufuza, kuti Mbeŵe ndi Mbewe akhale munthu mmodzi. Kachizindikiro ka mu ng'ombe ndi Ng'andu kamachititsa makina ena kudula liwu pakati, n'kusunga ng payekha ndi ombe payekha, choncho yesani liwu lotere tsiku loyamba kuti muone chimene pulogalamu yanu imachita nalo. Mapulogalamu ena amanyadira kuti amafufuza maina motsata kamvekedwe, koma ambiri amagwiritsa ntchito njira ya Soundex, imene inakonzedwera maina a Chingerezi ndipo imasunga chilembo choyamba monga chilili, motero Chirwa ndi Cirwa angagwirizane koma Nkhoma ndi Khoma sangakumane. Musaidalire musanaiyese pa maina a m'mafayilo anu.

Amene mukujambula zikalata za nthawi ya atsamunda, dziko lisanalandire ufulu pa 24 Okutobala 1964, kumbukirani kuti Chipata inkatchedwa Fort Jameson, Kabwe inali Broken Hill, Mbala inali Abercorn ndipo Mansa inali Fort Rosebery. Mdzukulu wofufuza za munda wa agogo ake adzalemba Chipata, koma pepala likunena Fort Jameson. Lembani dzina la masiku ano m'danga la malo ndipo dzina lakale lisiyeni lipezeke m'mawu a OCR, kapena, ngati pulogalamu yanu ili ndi ndandanda ya mawu ofanana tanthauzo, ikanimo maina awiriwo pamodzi.

Mukamaliza katoni yoyamba, imani kaye ndipo muyese ntchito yanu musanapitirire. Tengani mapepala 50 mosasankha kuchokera m'katonimo, muwapereke kwa munthu amene sanalembe nawo mlozera, ndipo pa pepala lililonse afufuze monga momwe mwini wake angafunsire pa kauntala. Pepala lililonse limene silinapezeke lili ndi phunziro lake: mwina danga likusowa, mwina makalaliki awiri akumva lamulo limodzi mosiyana, mwina pepala lolekanitsa linaiwalika. Kukonza zimenezi pa katoni imodzi ndi ntchito ya masana amodzi, koma kuzikonza pa makatoni 200 ndi kuyambiranso. Pa manambala a NRC ndi TPIN, ngati muli ndi anthu okwanira, awiri alembe nambala imodzi payekhapayekha ndipo pulogalamu ionetse pamene asiyana. Ngati muli kale ndi database ya makasitomala kapena ya antchito, ilumikizeni kuti kalaliki akalemba nambala dzina lizibwera lokha, zomwe zimafulumizitsa ntchito ndi kuulula nambala yolakwika nthawi yomweyo.

Chikalata chimene chimapezeka msanga kwa inu chimapezekanso msanga kwa munthu amene sayenera kuchiona. Kale wofuna kusuzumira fayilo ya malipiro a mnzake ankayenera kuba kiyi wa kabati, koma tsopano angofunika kulemba dzina. Aliyense akhale ndi dzina lake lolowera mu pulogalamu, ndipo mafayilo a malipiro, a zaumoyo ndi a milandu atsekedwe kwa onse kupatula amene ntchito yawo ikuwafuna, motero kuti asaonekere ngakhale pa zotsatira za kufufuza. Lamulo la Data Protection Act, nambala 3 la 2021, limaika udindo pa aliyense wosunga zinthu zokhudza anthu, ndipo lili ndi ndime yonena za kusunga zinthu zoterezi pa seva za m'dziko muno, choncho musanatumize zithunzi za ma NRC a anthu ku seva za kunja kudzera pa intaneti, kambiranani ndi loya wanu.

Chilala cha 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo magetsi ankathima maola ambiri pa tsiku, chinatiphunzitsa kuti database imene yazimitsidwa mwadzidzidzi ili pakati polemba ingathe kuonongeka. Seva ikhale pa UPS, batire logwira ntchito magetsi akathima, imene ingaipatse mphindi zokwanira kuti izime mwadongosolo. Sungani makope atatu a zonse, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi likhale kunja kwa nyumba ya ofesi. Kope lililonse likhale ndi zithunzi pamodzi ndi database, pakuti zithunzi zopanda database zikubwezerani ku scan0001 uja, ndipo kamodzi pa miyezi itatu yesani kubwezeretsa kope limodzi pa kompyuta ina kuti mutsimikize kuti limatseguka.

Mapepala enieni musathamangire kuwatentha. Zikalata za umwini wa malo, mapangano osainidwa ndi makalata a wilo ogawira chuma cha masiye zimafunikabe monga zilili, ndipo mafayilo a maofesi a boma ali pansi pa lamulo la National Archives of Zambia, motero satayidwa popanda chilolezo. Abwezereni m'makatoni m'dongosolo lomwelo limene anajambulidwira, lembani nambala ya katoni ndi inki yosafufutika mbali ziwiri, ndipo muonetsetse kuti nambalayo ndi imene ili m'danga lomaliza la mlozera. Makatoniwo akhale pa mashelefu achitsulo, otalikira pansi ndi khoma, kumene madzi a mvula ya Januwale ndi chiswe sizingafike.